Timapuleti ta SCRATA toyezera khungu la zitsulo zothira m'chikombole: zimene ndaona patatha zaka zitatu

Ntchito yanga ndi kulandira ndi kuyendera zitsulo zothira m'chikombole zisanapite kwa anzanga amene amazisema pa makina. Zambiri mwa zitsulozi ndi matupi a mapampu ndi a mavalavu opangidwa ndi steel, ndipo sitizithira tokha, timachita kuitanitsa kwa osungunula zitsulo. Kwa zaka zambiri mkangano wathu ndi iwowo unali umodzimodzi: ine ndinkanena kuti khungu la chitsulo ndi loipa, iwo ankanena kuti chitsulo chothira mumchenga chimaoneka choncho, ndipo pa pepala la oda panangolembedwa mawu akuti khungu likhale labwino, mawu amene aliyense ankawamasulira mokomera mbali yake. Timapuleti ta SCRATA tinagulidwa kuti tithetse mkangano umenewu, ndipo patatha zaka zitatu ndikutigwiritsa ntchito pafupifupi sabata iliyonse, ndikutha kunena pamene tandithandiza kwambiri ndi pamene munthu ayenera kudziwa yekha zoposa zimene timapuletito tikuonetsa.

Dzina lakuti SCRATA likuchokera ku bungwe la Steel Castings Research and Trade Association la ku Sheffield, lomwe ntchito yake inapitirira pansi pa Castings Technology International. Timapuletito ndi tapulasitiki, kalikonse ndi ka mamilimita 100 m'lifupi ndi 150 m'litali, ndipo tinadindidwa kuchokera pa khungu la zitsulo zenizeni, kotero kuti chilema chimene chili pa kapuleti chili ndi kukula, kuya ndi kukhakhala kwa chilema chenicheni. Muyezo wa ASTM A802, umene umanena za kuyendera ndi maso khungu la steel yothira, umadalira timapuleti timeneti. Tinagawidwa m'magulu a zilembo: A ndi kukhakhala kwa khungu lonse, B ndi zinyalala zosakhala chitsulo zimene zakodwa pakhungu, C ndi timabowo ta mpweya, D ndi makwinya ndi misoko ya chitsulo chimene sichinalumikizane, E ndi nkhanambo zobwera chifukwa cha kufufuma kwa mchenga, F ndi tizitsulo tochirikiza mtima wa chikombole (mchenga woumbidwa umene umasiya mphako mkati mwa chitsulo), pomwe G, H ndi J ndi malo odulidwa ndi moto, opalidwa ndi makina, ndi owotchereredwa. Pa chilembo chilichonse pali nambala, ndipo nambala ikamakwera chilemanso chimakula.

Pali miyezo ina imene imagwiritsa ntchito zithunzi, monga MSS SP-55 imene opanga mavalavu amaidziwa bwino, ndipo ndinayamba ndi imeneyo. Vuto la chithunzi ndi lakuti kuya kwa dzenje kumadalira mmene kuwala kunagwera pa tsiku lojambula, ndipo anthu awiri akhoza kuyang'ana chithunzi chimodzi n'kuona zosiyana. Kapuleti umakagwira. Chala chikadutsa pa chitsulo kenako n'kudutsa pa kapuleti, kusiyana kumamveka ngakhale pamene maso akukayika, ndipo apa ndi pamene pagona ubwino waukulu wa katundu ameneyu.

Ndinazindikira zimenezi bwinobwino pa matupi khumi ndi awiri a mapampu amene tinalandira m'chaka choyamba. Asanu ndi awiri anali ndi zigamba zotukuka pa nkhope yotakata yapamwamba, zina zazikulu ngati chikhatho cha mwana, zokhakhala ndiponso zosongoka m'mbali. Mkulu wa kumene anazithira atabwera ananena kuti ndi chitsulo chongoonjezekera, chimene grinder ingachotse m'mphindi zochepa. Ndinatenga tchizulo n'kulowetsa m'mphepete mwa chigamba chimodzi, ndipo nditamenya kawiri chinakanganuka ngati chikamba, pansi pake n'kuoneka mchenga wakuda wopsa, utagona pakati pa chigambacho ndi thupi la pampu. Titaukokola mchengawo panatsala dzenje lolowa m'thupi la chitsulo, pamalo pamene khoma liyenera kupirira mphamvu ya madzi. Ndinaika kapuleti ka E3 mbali imodzi ndi ka E5 mbali ina, n'kuwauza kuti, "Bambo, gwirani apa, kenako mugwire apa." Anagwira, anakhala chete pang'ono, ndipo anavomera kuti zigambazo zapyola E3, malire amene tinalemba mu oda. Nkhani imene kale ikanatitengera milungu ya makalata inatha tisanachoke pamalopo.

Koma kapuleti sikanatiuze chifukwa chake nkhanambozo zinabwera, ndipo chifukwacho n'chofunika kuchidziwa, popeza kukana katundu kokha sikubweretsa katundu wabwino. Mchenga umene umagwiritsidwa ntchito kwambiri popanga zikombole ndi wa silica, ndipo silica ikafika pa madigiri 573 imasintha kapangidwe kake n'kufufuma mwadzidzidzi. Steel imathiridwa ili pa madigiri opitirira 1,500, kawirikawiri cha m'ma 1,600, kutentha koposa kumene chitsulo cha cast iron chimathiridwira. Pamene chitsulo chikukwera m'chikombole, denga la chikombolecho limakhala likuwambidwa ndi kutentha kochokera pansi chitsulocho chisanalifike. Mchenga wapamwamba penipeni umafufuma, wa kumbuyo kwake ukadali wozizira. Ndipo ngati chikombole ndi cha mchenga wonyowa womangidwa ndi dongo la bentonite, madzi amathawa pankhope n'kukaunjikana mkati pang'ono, n'kupanga mzere wofooka. Khungu la mchenga limasowa kofufumira, limapindika, limang'ambika n'kulekana ndi unzake pa mzere wofookawo, ndipo chitsulo chikafika chimalowa kuseri kwake. Chimenecho ndiye chigamba chimene ndinakanganula ndi tchizulo. Mchenga ukangopindika osang'ambika kwenikweni, pamatsala mizere yolowa yonga mchira wa khoswe, imene ndi chilema cha mtundu womwewo koma chocheperako.

N'chifukwa chake nkhanambo zimakonda nkhope zotakata ndi zafulati, makamaka zapamwamba, ndiponso zimachuluka pamene kuthira kukuchedwa. Osungunula aja atabwerera kwawo anakuza njira zolowera chitsulo kuti chikombole chizidzaza msanga, anakonza kuchuluka kwa dongo ndi madzi mumchenga, ndipo anaonjezamo ufa wa matabwa umene umapsa n'kusiyira mchenga mpata wofufumira. Katundu wotsatira analibe nkhanambo ngakhale imodzi. Ena amathana ndi vutoli poika pankhope ya chikombole mchenga wa zircon kapena wa chromite, umene sufufuma kwambiri ngati silica, ngakhale kuti ndi wokwera mtengo. Chimene chimandivuta pa gulu la E n'chakuti manambala ake amadumpha, monganso m'magulu ena angapo, ndiye chilema chikagwera pakati pa timapuleti tiwiri woyendera ayenera kugamula yekha. Njira imene ndinapeza ndi yosavuta: sindifunsa kuti chilema chikufanana ndi kapuleti kati, ndimangofunsa ngati chapyola kapuleti kamene tinagwirizana.

Gulu limene ndimalitulutsa m'bokosi kawirikawiri kuposa onse ndi la C, la timabowo ta mpweya. Timabowoti timapusitsa, chifukwa nthawi zambiri timakhala pansi pa kakhungu kopyapyala ndipo sitioneka chitsulo chikangotuluka mumchenga. Timaonekera chitsulo chikapita m'ng'anjo yochikhwimitsa, mamba akagwa, ndiponso chikapoperedwa timipira tachitsulo toyeretsera. Timapuleti ta C timathandiza kwambiri pa kuchuluka ndi kukula kwa timabowo pa dera limodzi, chinthu chimene n'chovuta kuchifotokoza ndi mawu okha. Komabe timabowo tofanana maonekedwe tikhoza kukhala ndi magwero osiyana kotheratu. Madzi akachuluka mumchenga, kapena utoto wa chikombole ukapanda kuuma bwino, nthunzi imakumana ndi chitsulo chamoto n'kupereka hydrogen, amene amasungunuka m'chitsulo chamadzi koma amatulukamo chikamauma. Zomatira mchenga zina za resin, makamaka zokhala ndi urea, zimatulutsa nitrogen, amene steel imamumwa mosavuta. Palinso mpweya wobadwira m'chitsulo momwemo: ngati osungunula sanachotse oxygen mokwanira ndi silicon, manganese ndi aluminium, oxygen wotsalayo amagwirizana ndi carbon n'kupanga carbon monoxide pamene chitsulo chikuuma. Ndipo ngati mchenga ndi wosalala kwambiri, kapena wasinjidwa mopitirira, kapena mtima wa chikombole ulibe njira zotulutsira mpweya, mpweyawo umasowa kolowera n'kubwerera m'chitsulo.

Pamenepa ndinaphunzira kuyenda ndi galasi lokuzira zinthu pambali pa timapuleti, ngakhale kuti kufanizira kwenikweniko kumachitika popanda galasilo. Bowo la mpweya limakhala lozungulira ndipo makoma ake ndi osalala. Bowo lobwera chifukwa chakuti chitsulo chinanyala pouma popanda china chodzadzaza malowo limakhala lokhakhala mkati, lokhala ndi timinga tonga nthambi, ndipo limapezeka pa malo ochindikala kapena m'makona amkati pamene kutentha kumachedwa kuchoka. Munthu wongoyang'ana mothamanga akhoza kuyesa onse awiri ndi kapuleti ka C n'kulemba chimodzimodzi, koma loyamba limafuna kuti aone za mchenga ndi za ng'anjo, pomwe lachiwiri limafuna kuti asinthe malo kapena kukula kwa riser, nkhokwe ija ya chitsulo chamadzi imene imadyetsa chinthu chikamauma. Ndiponso bowo la mtundu wachiwiri likaonekera panja, nthawi zambiri limakhala khomo la mphanga yaikulu mkati.

Gulu la B ndimalikonda chifukwa linandichotsa maganizo olakwika amene ndinali nawo kwa nthawi yaitali. Ndinkayesa kuti chinyalala chilichonse chokodwa pakhungu ndi mchenga wogumuka kapena slag (zinyalala zoyandama pa chitsulo chamadzi) yochokera mumphika wothirira. Zimenezo zimachitikadi, makamaka pamene chikombole sichinasinjidwe mokwanira kapena chitsulo chikuomba khoma molunjika. Koma zambiri mwa zinyalala zimenezi zimabadwa pa nthawi yothira yomweyo: chitsulo chikamagavika ndi kuthovoka m'njira zake chimameza mpweya, ndipo aluminium, silicon ndi manganese zimene zili mkati mwake zimagwirizana ndi oxygen n'kupanga zinyalala zatsopano. Popeza n'zopepuka kuposa chitsulo, zimayandama n'kukakodwa kudenga, ndipo ichi ndi chifukwa chake woyendera wanzeru amayamba wafunsa kuti nkhope imene inali pamwamba pothira ndi iti. John Campbell, amene anaphunzitsa za kuthira zitsulo pa yunivesite ya Birmingham, anatchuka ndi mfundo yakuti chitsulo chamadzi chisalowe m'chikombole pa liwiro loposa pafupifupi theka la mita pa sekondi, chifukwa kupyola pamenepo khungu lake limapindikira mkati pamodzi ndi zonse zili pamwamba pake. Osungunula amene amathira chitsulo kuchokera pansi pa chikombole ndi kuika zosefera za ceramic m'njira zake amatitumizira katundu amene sapyola B2 kawirikawiri.

Makwinya ndi misoko ya gulu la D sizivuta kuzindikira. Mitsinje iwiri ya chitsulo ikakumana itayamba kale kuzizira, kapena itavala kakhungu ka oxide, imagundana koma osasakanikirana, ndipo pamatsala msoko wa milomo yobulungira. Chitsulo chozizira, kuthira kodukiza ndi makoma opyapyala ndi zimene zimayambitsa, ndipo steel yosachita dzimbiri, yokhala ndi chromium wambiri, imavutika nazo kwambiri. Chenjezo langa ndi lakuti kapuleti kamaonetsa mmene msoko ukuonekera pamwamba, koma msoko woonekera pang'ono ukhoza kulowa mpaka kupyola khoma lonse, kotero pa katundu wosunga madzi kapena mpweya wamphamvu sindivomereza msoko uliwonse ndisanaupale kuti ndione pamene wathera.

Pali chinthu china chokhudza gulu la A chimene anthu ongoyamba kumene amachiphonya. Khungu likakhala lokhakhala kwambiri, nthawi zina si kukula kwa mchenga kokha kumene kwadindika, koma chitsulo chalowa pakati pa timiyala ta mchenga n'kuuma nato pamodzi, kapena dzimbiri la chitsulo chamoto lagwirizana ndi silica n'kupanga fayalite, amene amasungunuka pa madigiri pafupifupi 1,200 n'kumata mchenga pa chitsulo. Khungu lotere limatha mano a makina osema mofulumira modabwitsa, ndipo anzanga a ku makina amalidziwa ndi kulira kwake lisanaoneke n'komwe. Utoto wa zircon wopakidwa bwino pa chikombole umaliletsa. Steel ya manganese wambiri, imene Robert Hadfield anaitulukira mu 1882 ndipo imagwiritsidwa ntchito pa nsagwada za makina ophwanya miyala, imadana ndi silica mwapadera, n'chifukwa chake ambiri amaithira mumchenga wa olivine.

Magulu a F, G, H ndi J ndimawagwiritsa ntchito mwa apo ndi apo. Pa F chofunika ndi kuona ngati kachitsulo kochirikiza kanasungunuka n'kulumikizana ndi thupi lonse, popeza kakakhala kadzimbiri kapena konyowa kamasiya mpata wodontha. Gulu la J lokha ndi limene ndinganenepo mawu owonjezera: kuwotcherera chilema ndi ntchito yovomerezeka pa steel yothira, koma maonekedwe abwino a malo owotcherera sanena ngati chilemacho chinachotsedwa chonse asanadzazepo, kotero ndimafuna kuti andidziwitse malo onse owotcherera polemba.

Ming'alu sindiiyeza ndi timapuleti, chifukwa mu oda yathu mng'alu uliwonse ndi wokanidwa, waung'ono kapena waukulu. Steel imanyala ndi pafupifupi 2 peresenti kuchokera pamene yauma kufika pamene yazizira, ndipo ngati mtima wa chikombole ndi wouma gwa, kapena khoma lopyapyala lakumana ndi lochindikala pa kona yakuthwa, chitsulo chimang'ambika chikadali chofooka, makamaka ngati sulphur ndi phosphorus zachulukamo. Mng'alu wotere umakhala wokhotakhota ndi wakuda mkati, koma ina imakhala yopyapyala moti maso sangaione. Pamenepo pamafunika ufa wa maginito, kapena utoto wofiira wolowerera m'ming'alu pa zitsulo zimene sizigwira maginito monga steel ya manganese ija, ndipo za mkati mwenimweni zimafuna X-ray kapena ultrasound. Amene akugula timapuleti akuganiza kuti talowa m'malo mwa zimenezi adzakhumudwa, koma timapuletito sitinapangidwire ntchito imeneyo.

Pa kagwiritsidwe ntchito, ndaona kuti zotsatira zimadalira kwambiri zinthu zitatu zimene zimaoneka zazing'ono. Chitsulo chiyenera kukhala choyeretsedwa koma chosapakidwa penti, chifukwa penti wochindikala amadzaza timabowo n'kubisa misoko, ndipo ndinabwezapo katundu wathunthu kuti akachotse penti ndisanamuyendere. Kuwala kuyenera kukhala kokwanira, ndipo tochi yogoneka chammbali imatulutsa zilema zimene nyale ya kudenga imabisa. Dera loyerekeza liyenera kukhala lofanana kukula ndi kapuleti, apo ayi munthu amasonkhanitsa m'maganizo timabowo ta nkhope yonse n'kukana chitsulo chabwino. Pa malo opindika kwambiri, monga mkati mwa nkhono ya pampu (njira ya madzi yozungulira ngati chigoba cha nkhono), kapuleti kafulati sikagona bwino pambali pa chilema ndipo chala ndi chimene chimagwira ntchito. Timapuletito talimba bwino m'zaka zitatuzi. Timangofuna kutsukidwa fumbi ndi mafuta, kubwezeredwa m'bokosi lake, ndi kusaikidwa pa chitsulo chimene chikadali chotentha.

Kulakwitsa kwanga kwakukulu m'miyezi yoyamba kunali kufuna nambala yotsikitsitsa paliponse, poganiza kuti kukhwimitsa ndi kusamala. Zotsatira zake zinali kuchedwa kwa katundu, kupala kosafunika, ndi kuwotcherera malo amene akanangosiyidwa sakanavuta chilichonse, pomwe kuwotchererako kumabweretsa mavuto akeake. Muyezo wa ASTM A802 uli ndi magawo anayi, loyamba ndilo lokhwima kwambiri, ndipo palibe chokakamiza kuti chinthu chimodzi chikhale ndi gawo limodzi thupi lonse. Tsopano ndimakhala pansi ndi wojambula pulani ndi osungunula chikombole chisanapangidwe, n'kugawa thupi la pampu m'madera: mkati modutsa madzi ndi pa makoma opirira mphamvu timakhwimitsa, pa miyendo ndi pa nthiti zakunja timafewetsa, ndipo pa nkhope zokasemedwa timaonetsetsa kuti chitsulo choonjezera n'chokwanira kuti chilema chovomerezeka chichoke ndi makina.

Kwa amene amalandira steel yothira mwezi ndi mwezi, kapena amene amaithira n'kugulitsa, timapuleti ta SCRATA ndikutilimbikitsa ndi mtima wonse, ndipo mbali zonse ziwiri ziyenera kukhala ndi bokosi lawo kuti woyendera wa kumene zikuchokera ndi wa kumene zikupita azigwira chinthu chimodzi. Amene amagula chitsulo chimodzi kapena ziwiri pa chaka angathe kungopempha osungunula kuti awaonetse timapuleti tawo pokambirana oda. Mwa matupi a mapampu makumi anayi amene tinalandira mwezi wathawu ndinakana awiri, limodzi chifukwa cha timabowo topyola C2 mkati mwa nkhono, lina chifukwa cha mng'alu pa kona ya flange (mkombero wolumikizirapo paipi) umene unaoneka ndi ufa wa maginito, ndipo osungunula abulungitsa kale kona imeneyo pa chikombole chotsatira.